Topu kava safuna mphamvu

Fungo linkabwera galimoto ikaima. Ikamathamanga pa msewu wotakasuka kunalibe vuto, koma ndikangolowa mu mzere wa m'mawa pa M1, kuchokera ku Area 25 kulowera m'tauni ku Lilongwe, fungo la oilo wopsa linkayamba kulowa m'kati pang'onopang'ono. Mayi a kunyumba ankangotsitsa galasi osanena kanthu. Ana ndiye sabisa mawu: "Adadi, galimoto yanu ikupsa."

Sikuti inkapsadi. Ndi Toyota Corolla Fielder yakale, imodzi mwa zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo ine ndinaigula itadutsa kale m'manja mwa anthu ena konkuno. Injini yake ndi 1NZ-FE, ya malita 1.5, yomweyi ili mu Probox, Sienta, Raum, IST ndi ma Allion ena. Ndi injini yopirira kwabasi, ukhoza kuizunza zaka zambiri iyo ili phee. Mapaipi ake a utsi ali kumbuyo, mbali yoyang'ana kwa okwera. Ndiye oilo akamatuluka pa topu kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, amatsetsereka n'kukagwera pa chitsulo chotentha, n'kumapsera pamenepo, pafupi ndi pamene fani imakokera mpweya wolowa m'galimoto. Madontho awiri okha amanunkhitsa banja lonse.

## Yankho la pa galaja

Ndikapita ku sevisi ndinkadandaula za fungoli, ndipo yankho silinkasintha. "Bwana, ndi topu kava imeneyo. Timangitsa." Mnyamata ankatenga sipanala n'kukoka mabawuti onse, thupi lonse litaweramira pa injini. Ulendo wina anapaka silikoni wofiira kuzungulira m'mphepete monse n'kusalaza ndi chala. Fungo linkatha masabata angapo, kenako n'kubwerera.

Anyamatawo sindikuwanyoza. Munthu wabwera ndi ndalama ya oilo ndi fyuluta basi, akufuna kunyamuka pasanathe ola, ndipo ukamutchulira gasiketi yatsopano, labala wotseka oilo pansi pa kavayo, akuyamba kuyang'ana kumwamba. Amamupatsa zimene ndalama yake ingagule.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi kudodoma kwa injini. M'mawa isanatenthe, kapena pokwera chitunda, inayamba kugwedezeka, mphamvu n'kumachepa. Tsiku lina ndinamasula kabawuti ka koilo imodzi, chipangizo chotumiza moto ku pulagi, n'kuizula. Inatuluka ikudontha. Nditaunika m'dzenje la pulagi ndi tochi ya foni, pulagiyo sinkaoneka n'komwe, inali itamira mu oilo.

Gasiketi ya topu kava sizungulira m'mphepete mokha. Pakati ili ndi timikombero tinayi totseka maenje a mapulagi, ndipo silikoni wopaka kunja safika kumeneko. Oilo akadzaza m'dzenjemo labala wa koilo amafufuma, moto umathawira pambali m'malo mopita ku pulagi, ndipo koiloyo imafa. Koilo imodzi yabwino imadula kuposa gasiketi. Chitsikireni kwacha ndi 44% mu November 2023, aliyense woyenda pa galimoto akudziwa mmene mitengo ya masipeya inachitira. Makoilo anayi sindikanawakwanitsa.

## Amalume ali pa mpando

Masabata amenewo kwathu kunali amalume, alongo awo a mayi anga, amene anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Anabwera kudzadikira tsiku la opaleshoni ya ng'ala. Maso anali atachita chifunga, moti nkhope ya munthu ankaizindikira akamva mawu.

Nditawauza za oilo wa m'dzenje la pulagi, anaseka.

"Mphwanga, gasiketi ya topu kava ndi ntchito imene tinkapatsa mwana wongoyamba kumene. Uchita wekha. Ine ndikhala pa mpando."

Madzulo omwewo anaimba foni kumudzi kuti awatumizire kabokosi kawo pa minibasi. Munali torque wrench yaing'ono, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, yokulungidwa m'nsalu ya mafuta. Ndinawafunsa ngati inali yofunikadi pa timabawuti ta soketi ya 10. Anati pa timabawuti ting'onoting'ono ndi pamene imafunika kwambiri, chifukwa bawuti yaikulu imakutopetsa usanaiwononge.

Za kugula anandilangiza mwachidule. Ku Biwi, kogulitsa masipeya, usakatchule dzina la galimoto lokha, ukatchule injini, chifukwa Fielder ina ili ndi 1ZZ-FE ya malita 1.8 ndipo gasiketi yake ndi ina. Akakutulutsira ziwiri, yotchipa ndi yabwino, uipinde, uidinde ndi chikhadabo, uone ngati labala akubwerera msanga. Ugulenso timawashala tiwiri ta labala tokhala pansi pa mabawuti apakati. Silikoni akhale wa injini, wolembedwa kuti saononga masensa. Uja womatira masinki ndi magalasi a mazenera, wonunkha viniga, asayandikire: nthunzi yake imapha sensa ya mpweya ya ku paipi ya utsi.

## Kumasula

Fumbi la Lilongwe mu October mukulidziwa. Likakumana ndi oilo limapanga chikhakha chokhuthala, ndipo chikhakha chimenecho chimakhala ndendende m'mphepete mwa kava, kudikira kuti utsegule chigweremo. Choncho ntchito inayamba dzulo lake madzulo, ndi burashi ndi chisanza, kutsuka kuzungulira ponse. Galimoto inagona osalizidwa. Injini yotentha sagwira, osati chifukwa cha kupsa zala kokha, komanso mano a mu aluminiyamu amafewa akatentha.

M'mawa ndinachotsa waya wa negetivu pa batire, kenako chipulasitiki chapamwamba cholembedwa VVT-i. Ndisanazule kalikonse ndinajambula ndi foni, mbali zonse. Timapulagi ta mawaya a makoilo timauma ndi kutentha, ndiye umadina kano kake ndi chala n'kukoka mofatsa. Ukalowetsa sikuludiraiva kamathyoka, ndipo ukhala womanga ndi waya moyo wonse wa galimotoyo. Makoilo anayi ndinawandandalika pa katoni monga mmene analili. Mapaipi awiri a labala olowa pa kava, timabulaketi togwira mawaya, zonse pambali.

Oilo wa m'maenje a mapulagi amachotsedwa mapulagi asanamasulidwe, apo ayi yense pamodzi ndi zinyalala amatsikira mu silinda. Ndinagwiritsa ntchito sirinji ya ku famase ndi kapaipi, n'kumalizira ndi kansalu kokulunga pa waya.

Kava imagwidwa ndi mabawuti 9 ndi manati 2, ndipo si onse ofanana kutalika. Ndinajambula kava pa katoni, n'kuboola timabowo, bawuti iliyonse ikatuluka n'kuibaya pamalo pake. Ena anatuluka molira. Amalume ankamva kulirako ali pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mango, n'kumapukusa mutu.

Mabawuti onse atatuluka kava inakana kunyamuka, silikoni atagwira. Dzanja linkafuna sikuludiraiva kuti nditeme pakati.

"Usalowetse chitsulo pamenepo. Ukakanda hedi, mutu wa injini pokhala kavapo, palibe gasiketi idzatseke. Tenga kathabwa, ugogode m'mbali."

Nditagogoda makona onse inamasuka ndi kaphokoso konyowa.

## Zimene zinali pansi pa kava

Zaka zonsezi ndinkayenda ndi injini imeneyi koma m'kati mwake ndinali ndisanaonemo. Ma camshaft awiri, zitsulo zazitali zotsegula mavalavu, atagona moyandikana, tcheni ili kumapeto, giya yonenepa ya VVT-i, yosintha nthawi yotsegulira mavalavu, ili pa camshaft ya kutsogolo. Ndinaima kaye osadziwa poyambira.

Amalume anadzuka, n'kubwera akupapasa m'mbali mwa galimoto.

"Tandiuza, ukuona mtundu wanji?"

"Zabulauni, amalume. Bulauni woderako."

"M'makona?"

"Mwakuda. Muli zolimba pang'ono."

Anapisa chala pakona ya kumbuyo n'kutulutsa phala lakuda. Analipekesa pakati pa zala ziwiri nthawi yaitali, kenako n'kununkhiza.

"Mchenga mulibe. Zitsulo mulibe. Koma oilo uyu ankagonera. Alipo amene ankangowonjezera osasintha, kapena ankasintha oilo n'kusiya fyuluta."

Injini yosamalidwa bwino ukaitsegula m'kati mumakhala moyera, mwachikasu pang'ono. Bulauni woderako ndi oilo amene anapsa mobwerezabwereza n'kumata pa zitsulo. Phala lakuda ndi oilo wotha ntchito wosakanikirana ndi mwaye ndi chinyezi. Galimoto iyi ndinaigula ndi kapepala ka sevisi kolendewera pa chiwongolero, madeti ali m'malo mwake, makilomita a pa dashibodi ali ooneka bwino. Zimene zala za amalume zinapeza sizinagwirizane ndi kapepalako.

Kenako anayendetsa chikhadabo pa misana ya camshaft, umodzi ndi umodzi, onse 16. Sanathamange. Ine mtima uli m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti chikhadabo chikakodwa penapake ndiye kuti nkhani yachoka pa gasiketi yapita pa injini.

"Yosalala. Yapulumuka iyi."

Ali mkati mopapasa anagwira kanthu kena m'mphepete mwa hedi, n'kukoka. Kanali kachingwe ka silikoni wofiira, kotalika kuposa chala, kolendewera m'kati. Nditaunika ndinaona tina tambiri, tina titaduka kale n'kugona pafupi ndi mabowo amene oilo amatsikira pobwerera pansi. Uyu sanali silikoni wopaka kunja uja. Munthu wina, ine ndisanaigule galimotoyi, anatsegula kava, n'kubwezera gasiketi yakale yomweyo ataipaka silikoni mbali zonse. Pomanga, theka linafinyikira kunja, theka m'kati.

"Ukudziwa kumene timapita iti?" anandifunsa, kachingwe kali m'manja. "Timatsika ndi oilo mpaka mu sampu, mogona oilo pansi pa injini. Pampu isanakoke oilo pali sefa. Tikaunjikana pa sefapo, injini imamva ludzu ili ndi oilo wodzaza. Uyang'ana pa dipisitiki, zonse zili bwino. Ndiye tsiku lina pa Dedza umva kugogoda."

Pa injini iyi palinso kasefa kena kakang'ono kwambiri, koteteza valavu imene imatumiza oilo ku giya ya VVT-i. Kameneko sikafuna zinyalala zambiri kuti katsekeke.

Gasiketi yakale nditaizula mu mphako yake ndinayesa kuipinda. Inathyoka, thyo! Sanalinso labala. Ndinaipereka kwa amalume, iwo n'kupempha kava yeniyeniyo. Anaiika pa miyendo chagada, n'kuyamba kuzungulira m'mphepete ndi chikhadabo chomwe chija. Pa kona ya kumbuyo anaima. Anabwerera, n'kudutsaponso.

"Bweretsa tochi apa."

Sindinaone kanthu mpaka nditapukuta ndi petulo. Petulo atauma ponse, kamzere kamodzi kanatsala konyowa, kochokera pa bowo la bawuti kukafika m'mphepete. Kava inali yong'aluka. Ndi kona yomweyo imene ili pamwamba pa paipi ya utsi.

"Apa ndi pamene ankakokera," anatero.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndi zimene zandikhala m'mutu kufikira lero. Chimene chimatseka oilo si kulimba kwa bawuti, ndi kufewa kwa labala. Labala watsopano akapanikizidwa amakankha mobwezera, n'kudzaza timipata tonse. Akapsa zaka zambiri amauma, sakankhanso. Pamenepo ngakhale ukoke bwanji, iye alibe chopereka, ndipo mphamvu yonse imathera pa aluminiyamu ya kava ndi pa mano a m'hedi. China chimodzi chimagonja: bawuti imaduka, mano amatha, kapena kava imang'aluka. Kumangitsa kulikonse kumene ndinkalipira kunkakulitsa kamzere kaja.

## Kavalavu kosalira

Ine maganizo anali atapita kale pa mtengo wa kava ina. Amalume anali ndi funso lina.

"Oilo wa pamwamba pano sakhala ndi mphamvu, amangoyenderera. Ndiye n'chiyani chinkamukankha kuti adzaze dzenje la pulagi chonchija?"

Anandiuza kuti ndimasule kavalavu ka PCV, kamene kamapotokoledwa pa kava pomwe pamalowa paipi imodzi ija. Anakaika pa khutu n'kukagwedeza. Zii.

Injini ikamayenda, mpweya wina wa moto umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa kumene kuli oilo. Injini iliyonse imatero, yokalamba imaposa. Mpweya umenewo uyenera kutuluka, ndipo njira yake ndi kavalavu aka, kamene kamaubwezera ku mapaipi olowetsa mpweya kuti ukapse. M'kati mwake muli kachitsulo koyenda pa sipuling'i. Kabwinobwino ukakagwedeza kamalira. Kakamatidwa ndi phala, mpweya umasowa kolowera n'kuyamba kukankha paliponse pofooka: gasiketi, masilo, ngakhale dipisitiki. Chinyezi chimene chikanatuluka nawo chimatsalanso momwemo n'kuwonjezera phala lomwelo.

Kuyesa kwina n'kophweka. Ulumikiza kapaipi koyera n'kuuzira: kuchokera mbali ya injini mpweya uzidutsa mosavuta, kuchokera mbali inayo uzivuta. Kanga sikankadutsa mbali iliyonse. Ndikanaika gasiketi yatsopano n'kusiya kavalavu aka, oilo akanafuna potulukira pena. Pa maulendo onse a ku sevisi palibe anakatchulapo, ndipo ndi kanthu kotchipa kuposa botolo la oilo wabwino.

## Kava ina

Njira zinalipo zitatu. Kuwotcherera, kumata ndi guluu wa zitsulo, kapena kupeza kava ina. Kuwotcherera amalume anakana, ati aluminiyamu yopyapyala ikalawa moto imapindika, ndipo ukatseka mng'alu watsegula mpata pena. Guluu anati ndi wofikira kunyumba ukafera panjira, osati wokhala naye.

Ubwino wa injini yodzaza m'misewu ndi womwewo: kwa ophwasula magalimoto makava ake ali mulu. Ndinavundikira injini ndi nsalu yoyera, n'kutseka boneti, kava yakale n'kuiika m'thumba la saka, ulendo wa ku Biwi pa minibasi. Kunyamula yakale n'kofunika, chifukwa injini ya dzina limodzi imasiyana pang'ono malinga ndi chaka, ndipo bowo limodzi likasemphana waluza ndalama. Ndinaziika pamodzi pansi, bowo ndi bowo. Ndinagoneka lula ya chitsulo m'mphepete, tochi kumbuyo, kuona ngati kuwala kukudutsa pansi. Mabowo onse a mabawuti ndinawapukuta ndi petulo monga tinachitira kunyumba. Mwa zimene anandionetsa ndinasankha yoyera m'kati, ngakhale kunja inali yothimbirira kuposa zinzake. Wogulitsa anandifunsa kuti galaja yanga ili kuti.

Kunyumba ndinaitsuka ndi palafini n'kuisiya padzuwa mpaka itaumiratu, chifukwa pansi pa kachitsulo kotchinga ka m'kati mumabisala madzi ndi zinyalala. Phala la m'makona a hedi ndinalichotsa ndi supuni ya pulasitiki, mabowo otsikira oilo nditawatseka ndi tinsalu. Amalume anandiwerengetsa tinsaluto polowetsa, n'kundiwerengetsanso potulutsa.

## Khumi basi

Pomwe gasiketi imakhala pa hedi ndinapala ndi khadi yakale ya ku banki. Lezala kapena sandipepala ayi. Kenako petulo pa nsalu, mpaka chala chikamadutsa chizilira.

Gasiketi yatsopano imalowa mu mphako ya kava youma, yopanda chopaka chilichonse. Silikoni ali ndi malo awiri okha pa injini imeneyi: pamene chivundikiro cha tcheni chimakumana ndi hedi, kutsogolo ndi kumbuyo. Pamenepo zitsulo ziwiri zimasiya kampata kamene labala sangathe kudzaza. Kadontho apa, kadontho apo. Chubu chonse chinatsala chodzaza. Buku la Toyota limati kava ikhale itaikidwa pasanathe mphindi 3 chipakireni, ndipo injini isalizidwe kwa maola 2. Ndiye zonse uyale pafupi usanatsegule chubu.

Ndinatsitsa kava molunjika, osaikhwekhwereza, n'kuzungulira ndi kagalasi ka mayi a kunyumba kuona ngati gasiketi sinatuluke mu mphako kumbuyo kosaoneka kuja. Mabawuti onse amayamba ndi zala. Ikavuta ndi zala ndiye kuti yalowa mokhota, ibweze. Kenako kumanga pang'onopang'ono, kuyambira pakati kupita kunja, uku ndi uku mosinthana, maulendo angapo, kuti kava itsike mofanana.

Amalume anandiuza nambala: 10 Nm. Kuti mumve kuchepa kwake, ndi mphamvu ya paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi itapachikidwa kumapeto kwa sipanala yotalika mita imodzi. Manati a matayala a galimoto yomweyi amafuna 103.

Ndinaika torque wrench pa bawuti yoyamba. Dzanja lisanayambe n'komwe kugwira ntchito, ndinamva kuti tcha!

"Amalume, sizinagwire izi."

"Zagwira."

"Ndingowonjezera pang'ono pokha."

"Mphwanga, chotsa dzanja."

Chinthu chovuta kwambiri tsiku lonselo chinali chimenecho. Thupi lonse limakuuza kuti bawuti yofewa choncho idzamasuka pa mabampu a ku Mtandire. Tinakula tikuona kuti chomangidwa bwino ndi chimene mwamuna wachikoka mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Pa aluminiyamu nzeru imeneyo ndi yowononga. Amene mulibe torque wrench, bwerekani. Zikakanika, amalume akuti gwirani sipanala yaifupi pafupi ndi mutu wake, ndi zala zitatu, ndipo ikangoima musiye.

Maola awiri aja tinadya nsima. Kenako ndinakhetsa oilo yense, fyuluta yatsopano, malita 3.7 a oilo watsopano, kuti zimene zinagweramo potsuka zisazungulire. Koilo imene inafufuma kwambiri ndinaisintha, zinazo zinachira ndi kupukuta. Injini italira kunatuluka kautsi kumbuyo, ine n'kuzizidwa. Amalume anati ndi oilo wakale amene anakhala pa paipi ya utsi, umusiye apse athe. Anathadi.

## Zimene zasintha

Oilo ndimasintha msanga tsopano, ndipo fyuluta imapita limodzi nthawi zonse. Mabuku a magalimoto ali ndi ndandanda ziwiri, ya mayendedwe wamba ndi ya mayendedwe ovuta, ndipo yachiwiriyo imatchula fumbi, maulendo afupiafupi, ndi injini kulira nthawi yaitali galimoto itaima. Ambirife timadziika pa ndandanda yoyamba. Koma taganizani kuchokera ku Area 25 kukasiya ana ku sukulu, mzere wa pa M1, mzere wa petulo, msewu wafumbi wolowera kunyumba. Ndife a ndandanda yachiwiri tonse. Oilo wa m'mabotolo a madzi wogulitsa m'mbali mwa msewu ndinasiyiratu ngakhale wowonjezera. Ndimafuna chigubu chimene ndathyola ndekha chotsekera.

Pa nkhani ya mankhwala otsukira m'kati mwa injini sitinagwirizane ndi anzanga a kuntchito. Iwo akuti thira botolo limodzi, phala lonse lisungunuke. Amalume akuti phala limene lakhala zaka likanyamuka lonse tsiku limodzi limakathera pa sefa ya pampu, kumene kuli kale timasilikoni tija. Ine ndili mbali ya amalume: oilo wabwino wosinthidwa pafupipafupi azidya pang'onopang'ono. Sampu ndidzaitsitsa kuti ndikaone sefayo ndi maso.

Mnzanga wina atandipempha kuti ndimuperekeze kukaona Sienta yogulitsa, iye ankayang'ana matayala ndi wailesi. Ine ndinatsegula chotsekera oilo n'kuunika m'kati ndi foni, kenako n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa topu kava kufuna silikoni. Pa kabowo kameneko umaona kachigawo kochepa chabe, koma mtundu wake umaoneka. Mwini galimoto sanakondwe.

Sikuti ndasanduka makaniko. Pansi pa injini, mbali ya malamba, pakadali kunyowa pang'ono, ndipo zikuoneka kuti ndi silo, kalabala kotseka oilo kutsogolo kwa crankshaft (chitsulo chozungulitsidwa ndi mapisitoni), imene mwina inafooka nthawi imene PCV inali yotseka. Imeneyo imafuna kuchotsa pule yomangidwa mwamphamvu zedi, ndi zida zimene ndilibe. Ndi ya ku galaja.

Chasintha ndi mmene ndimasankhira galajayo. Amalume anabwerera ku Kasungu diso limodzi likuona bwino, torque wrench n'kundisiyira mongobwereka, ndi lamulo loti ndikamaliza ntchito ndiziibweza pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i isatope. Anandisiyiranso funso loti ndizifunsa makaniko asanagwire galimoto: bawuti iyi mumanga pa zingati? Malo ena amaseka, amati dzanja lawo ndi sikelo. Malo ena amakwiya. Pa galaja ina ku Kawale mnyamata wake sanayankhe, anangolowa mu ofesi ya abwana ake n'kutuluka ndi kabokosi ndi buku lothimbirira ndi girisi. Silo ija ndikasinthitsa kumeneko mwezi ukatha.